Pa ngozi, uthenga wanu umveke bwino

Ana anga, sabata ino tikambirane za makutu ndi pakamwa pa nthawi ya ngozi.

Ku America kuli anthu amene chisangalalo chawo ndi kumvetsera mauthenga a ozimitsa moto ndi a ambulansi. Amagula kawayilesi kotchedwa scanner n'kumatchera khutu usiku wonse, osati pa ntchito ayi, kungokonda basi. Mwina mukuseka, koma inenso ndinakhala zaka zambiri pafupi ndi wayilesi yotere.

Mafoni a m'manja asanafike kumidzi, zipatala zing'onozing'ono zambiri zinkaitana ambulansi pa wayilesi ya mauthenga. Ukalankhula, zipatala zina zomwe zili pa wayilesiyo zinkamva. Pamenepo ndinaphunzira kuti uthenga wosokonekera umapha. Tsiku lina ndinamva mnzanga akukuwa kuti, "Mwana wapsa, fulumirani!" koma osatchula komwe ali. Batire lake linatha, ndipo panapita nthawi yaitali tisanadziwe kopita.

Inu a ku Lobi, ganizirani bwino. Magalimoto ozimitsa moto amakhala m'mizinda ngati Lilongwe ndi Blantyre. Nyumba ya udzu ikagwira moto, imatha galimoto isanafike n'komwe pa Linthipe. Tsono ozimitsa moto oyamba ndinu, pamodzi ndi oyandikana nawo nyumba. Kuno ku Dedza miyezi ya June ndi July kumazizira koopsa, ndipo ndi nthawi imene mbaula zimalowa m'nyumba, ana n'kumagwera pa moto akuwotha.

Lero nonse muli ndi foni, koma kodi mumadziwa cholankhula mtima ukugunda? Yambani ndi malo: mudzi, mfumu, ndi chizindikiro chodziwika monga sukulu, tchalitchi kapena mjigo. Kenako nenani chachitika, anthu angati, zaka za wodwala, ndiponso ngati akupuma kapena akutaya magazi. Musadule foni msanga; dikirani winayo abwereze zomwe wamva. Ife pa wayilesi tinkatero nthawi zonse. Tumizaninso mwana wamkulu akaime pa mphambano kuti alondolere galimoto.

Bambo a kunyumba, lembani pa khoma nambala za mlangizi wa zaumoyo, za chipatala chapafupi, za apolisi ndi za wakabaza wodalirika. Mayi akakhala oyembekezera, foni isagone yopanda moto kapena mayunitsi. Pofuna uphungu, kuli Chipatala Cha Pa Foni, chomwe chinayamba ku Balaka mu 2011. 

Podikira thandizo, mwana akapsa thirani madzi oyera ozizira pa balalo kwa mphindi 20, kenako mufunditse kuti asazizidwe. Musapake dzira, mankhwala otsukira mano, mafuta kapena phulusa. Chovala chikamatirira pa khungu musachisolole. Komanso musagone ndi mbaula m'nyumba yotseka, chifukwa mpweya wa makala umapha mwakachetechete, osanunkha.

Wayilesi ya panyumba nayo isangokhala ya nyimbo ndi mpira. Namondwe Freddy asanasakaze m'chigawo chakummwera mu March 2023, a zanyengo anali atachenjeza kale. Chenjezo likamveka, uzani agogo amene alibe wayilesi.

Chomaliza ndi ichi. Ife anamwino tinkamva zambiri pa wayilesi ija: wina wataya pathupi, wina wamwa mankhwala. Zonsezo zinkathera m'chipinda momwemo. Inunso mukafika pa ngozi, musayambe ndi kujambula n'kuponya pa WhatsApp. Pali mabanja amene amamva za maliro a mwana wawo kudzera pa chithunzi cha pa foni. Mukamva mfuu, bwerani ndi ndowa ya madzi.

Madzulo ano, khalani pansi awiri ndi ana anu, muyeseze kuimba foni ya ngozi. Funsani mwana wanu wa Sitandade 3 kuti, "Kwanu n'kuti?" Mumve ngati angalondolere mlendo mpaka pakhomo.