Mlandu wa Lilime: Za Mowa Pakati pa Anthu a Kwathu m'Malokeshoni a Harare

Mudziwa inu nokha kuti palibe mlandu wobvuta kuweruza monga mlandu wa lilime. Munthu akaba mbuzi pamakhala mboni, ndipo mfumu ikhoza kugamula dzuwa lisanalowe. Koma amuna awiri akakangana za mowa, uyu nati wokoma ndi uwu, uyo nati iai ndi uwo, mboni ya yense iri m'kamwa mwace, ndipo palibe wina angathe kuifunsa. Mkangano wotere umamveka Loweruka liri lonse ku Mbare, ku Highfield, ku Mufakose, ku Mabvuku ndi ku Tafara, kumene kukhala ana ndi adzukulu a machona aja anacoka ku Nyasaland kudzafuna nchito, ena pa miyendo, ena pa galimoto za Ulere, ena polembedwa ndi Mthandizi. Mzinda umene iwo anaupeza ukuchedwa Salisbury unalandira dzina la Harare m'caka ca 1982, ndipo lokeshoni yakale ya Harari ndiyo Mbare wa lero. Koma cinkana maina anasintha, mkangano wa mowa uli pomwepo.

Ife tachera khutu pa mabwalo amenewa, ndipo tapeza kanthu kamene mlendo sangakazindikire msanga. Akatswiri a mowa wa masese sakangana kwenikweni za dzina la mowa, koma za tsiku lace. Pakuti mowa wa masese ngwamoyo: cotupitsa cimene ciri m'kati mwace sicileka kugwira nchito angakhale mowa utacoka kale kwa ofulula, cimadyabe kutsekemera kwa cimera ndi kukusandutsa ukali. Cifukwa cace mowa womwewo, wa m'cotengera comweco, ukhala wina Lolemba ndi winanso Lacinai.

Titenge Chibuku, amene ali mowa wa munthu wamba m'maiko atatu, Malawi, Zambia ndi Zimbabwe. Anauyamba Mzungu wina dzina lace Max Heinrich ku migodi ya mkuwa ya Northern Rhodesia m'zaka za m'ma 1950, ndipo kuno unayamba kufululidwa ku Fort Victoria, Masvingo wa lero, m'caka ca 1962. Dzina lace linacokera ku buku limene mwini wace ankalembamo za kafululidwe ndi zonena za akumwa. Kwathu ku Malawi umadziwika ndi paketi yace ya pepala lolimba, ija munthu amatseka kabowo kace ndi cala poikhuchumula. Kuno ofulula ace ndi a Delta, ndipo cotengera cace cochuka ndico cipanda ca pulasitiki ca malita 2, cimene anthu anacicha "scud" potengera mizinga ija inaulutsidwa pa nkhondo ya ku Gulf m'caka ca 1991.

Taonani tsono mkulu wa kwathu akagula scud. Sathamangira kumwa iai. Ayamba waika khutu pa cibvundikiro kuti amve ngati mpweya ukulira, pakuti mowa wongoti zii ngwokayikitsa, kapena sunadzuke kapena wafa kale. Akatero aukhuchumula kuti masese ogona pansi akwere, natsegula, nanunkhiza, nayang'ana thobvu. Pamenepo ndipo amalawa pang'ono, nasunga m'kamwa, anzace ali cete kudikira ciweruzo monga anthu a pa bwalo la milandu. Wogula ndiye amayamba kumwa, monga umo acitira mwini mowa ku mudzi pocotsa mantha a alendo ace. Atatha iye, cipanda cimayenda dzanja ndi dzanja.

Mowa wa tsiku loyamba ngwotsekemera, wopanda mphamvu, ndipo ife tikadaucha thobwa lobvala jekete. Ali nao abwenzi ace, makamaka anthu ogwira nchito yolemetsa amene afuna cokhutitsa m'mimba koposa cozunguza mutu. Wa tsiku laciwiri ndi lacitatu ndiwo ali ndi omutsata ambiri: kutsekemera kwacepa koma sikunathe, kuwawasa kwayamba koma sikunakule, ndipo mowa umabaya lilime pang'ono pang'ono pomeza. Pali enanso, ocepa koma aliuma, amene safuna kanthu kena koma wa tsiku lacinai kapena lacisanu, wosasa ndithu, ukali wace utafika pafupi magawo 4 mwa 100. Amenewa amayesa anzao ana, ndipo anzao amawayesa anthu opsa lilime. Pa mlandu umenewu ife tiima ndi a tsiku lacitatu, ngakhale tidziwa kuti nyengo isintha cowerengera: mwezi wa October mowa umathamanga, ndipo wa tsiku laciwiri ukhoza kupambana wa tsiku lacinai wa mwezi wa June.

M'caka ca 1913 palibe akadalota za mowa wa masese wokhala masabata atatu osasasa, koma m'caka ca 2013 unaoneka, pamene a Delta anayamba kufulula Chibuku Super ku Chitungwiza. Mowa umenewu amautenthetsa kuti cotupitsa cife, nathiramo mpweya monga wa m'zakumwa zoziziritsa kukhosi, nautsekera ndithu m'botolo. Anyamata anaulandira ndi manja awiri, ndipo zifukwa zao sizopusa: sutayika m'kombi, ufika ku midzi yakutali uli bwino, ndipo cimene wagula lero ndico udzagula mawa. Tsopano uliponso wa pfungo la nthoci, umene akulu amangouyang'ana ndi diso la m'mbali. Cimene akulu amadandaula si kuti Super ngwoipa iai. Amati ulibe tsiku. Munthu amene anaphunzira zaka makumi atatu kusiyanitsa mowa wa dzulo ndi wa dzana apeza kuti nzeru yace iribenso nchito, ndipo pa bwalo pamene kale ankafunsidwa, tsopano angopatsidwa botolo.

Za mowa woyera wa m'mabotolo sitinena zambiri. Kufikira caka ca 1957 lamulo la Southern Rhodesia linkaletsa munthu wakuda kugula mowa wa Cizungu, ndipo mwina ndico cifukwa cace akulu ena amagwirabe botolo la Castle kapena Lion monga munthu agwira satifiketi. Ena amakonda Zambezi, nati ngwopepuka pa kutentha. Wina akabwera kucokera kwathu pa basi ya njira ya Tete ndi Nyamapanda, atanyamula Carlsberg wa Green, amene anayamba kufululidwa ku Blantyre m'caka ca 1968, kapena Kuche Kuche, amamzinga monga wabwera ndi kalata ya ku mudzi, ndipo onse amalumbira kuti kuno kulibe wofanana nao. Ife tiganiza kuti theka la kukoma kumeneko ndi kupukwa kwao, koma sitinena zimenezi pamaso pao.

Nkhani ya masiku inabalanso mowa woipa. Pa nthawi ya Atsamunda kansulu inadzitengera yokha ufulu wofulula ndi kugulitsa mowa m'lokeshoni, m'nyumba zija anthu kuno amati bhawa, ndipo amai wofulula kwace ankasakidwa ndi apolisi. Tsono mbiya yofuna sabata yathunthu siibisika, pakuti pfungo lace limaitana wapolisi lokha. Motero kunabadwa skokiaan, Mashona amati chikokiyana, mowa wopsa tsiku limodzi ndi shuga ndi cotupitsa ca m'sitolo, umene ena ankathiramo zinthu zosayenera kulowa m'mimba mwa munthu. Dzina lace linamveka dziko lonse lapansi cifukwa ca nyimbo ya August Musarurwa, yojambulidwa m'caka ca 1947, imene Louis Armstrong anaiyimbanso m'caka ca 1954. Mdzukulu wace wa masiku ano ndi musombodhiya, amene wawononga anyamata ambiri m'malokeshoni. Akatswiri athu sauwerengera n'komwe m'gulu la mowa, pakuti palibe munthu amaumwa cifukwa ca kukoma.

Koma pali mowa umodzi umene ukachulidwa mkangano wonse umatha, a tsiku loyamba ndi a tsiku lacisanu nagwedeza mitu pamodzi. Ndiwo mowa wofulula pa khomo, wa sadaka kapena wa bona, umene umaphikidwa pokumbukira wakufa, Gule Wamkulu naturuka m'makwalala a Mabvuku ndi Mufakose, Mashona naima m'mbali kuonerera cimene iwo amati zvigure. Mowa umenewu umayamba kale tsiku lisanafike. Mawere kapena mapira amaviikidwa m'madzi, nabvundikiridwa kufikira atamera, nayanikidwa pa dzuwa, naperedwa kukhala cimera. Phala la ufa wa cimanga limaphikidwa, likazizira nathiramo cimera, naligoneka kuti lisase. Pambuyo pace amaliwiritsanso nthawi yaitali, naonjezera cimera cina, nadikira kufikira mbiya itayamba kulira yokha usiku. Ana amalandira gawo lao poyamba lomwe, likadali thobwa. Anansi athu Mashona ali nalo doro lao la masiku 7, la mawere amene iwo amati zviyo, lofiirira ndi lolemera pa lilime, ndipo akulu athu oona mtima amabvomera kuti limagwira msanga. Koma amati la kwathu limatsika bwino ndipo munthu adzuka nalo m'mawa mutu uli wace.

Cotidetsa nkhawa ncakuti mowa umenewu ukusowa. Mawere ngokwera mtengo pa Mbare Musika. Nkhuni zowiritsira mgolo wathunthu nzogula. Ku Mabvuku ndi ku Tafara mipope yakhala youma zaka zambiri, ndipo madzi a mowa ayenera kutungidwa pa mjigo ndi zidebe. Coposa zonse, agogo aja anabwera ndi nzeru imeneyi kucokera ku Dedza, ku Ntcheu ndi ku Mulanje akutha mmodzi mmodzi, ndipo nzeru yao siinalembedwe m'buku monga ya Heinrich. Iwo amayesa kutentha kwa phala ndi cala, ndi kupsa kwa mowa ndi khutu. Mabanja ena tsopano amagula ma scud angapo nawakhuthulira mu mtsuko kuti mwambo ungocitika, ndipo akulu amamwa mwaulemu osanena kanthu, koma cipanda cimabwerera cisanathe.

Tipempha tsono owerenga amene ali ndi agogo kapena azakhali odziwa kufulula, akhale nao pansi, awafunse bwino bwino za miyeso ya ufa ndi cimera, za masiku ace, ndi zizindikiro zimene amaonera kuti mowa wapsa, ndipo atilembere kuti tisindikize pa tsamba lino. Asaiwale kuchula boma ndi mfumu ya kwao, pakuti a ku Dedza ndi a ku Mulanje safulula mofanana.