Matayala a chisanu m'dziko lotentha: yang'anani pansi musanakwere

Usiku wa mvula, matenda a mayi woyembekezera akayamba kumudzi wa kufupi ndi Lirangwe, palibe amene amafunsa za matayala. Wina amathamangira foni, wina amalongedza beseni ndi zitenje, ndipo ambulansi ikakhala kutali, aliyense amadziwa nambala ya mwini Sienta kapena Probox wa pafupi. Wodwala amene zamukanika pa chipatala chaching'ono cha Lirangwe kapena cha Chileka, ulendo wake ndi wa ku Mlambe pa Lunzu kapena ku Gulupu mumzinda wa Blantyre.

Ulendo wonsewo, moyo wa mayi, wa mwana amene ali m'mimba, wa womuperekeza ndi wa dalaivala umatsamira pa malo anayi okha pamene galimoto imagunda msewu. Malo alionse kukula kwake ndi ngati chikhatho cha munthu wamkulu. Mabuleki ndi chiwongolero, kaya zikhale zabwino chotani, mphamvu yake yonse imathera pa zikhatho zinayizo.

Galimoto zing'onozing'ono zambiri zimene zikuyenda m'misewu yathu, monga Sienta, Vitz, Passo ndi Probox, zidachokera ku Japan zitagwirako kale ntchito. Zina mwa izo zimafika zitavala matayala opangidwira nyengo ya chisanu choopsa. Matayala otero amapezekanso pa milu ya matayala a kaunjika, ndipo amakopa maso chifukwa mizere yake imaoneka yakuya. Ogula ambiri sadziwa kuti atenga tayala lopangidwira msewu umene kuno kulibe.

Tayala la chisanu ndi lotani?

Kumpoto kwa Japan, ku Canada ndi kumpoto kwa Ulaya kumazizira mpaka madzi kuundana pamsewu, chipale chofewa n'kukwirira phula. Mphira wa tayala wamba umayamba kuuma kukazizira kufika pansi pa madigiri 7, ndipo tayala louma siligwira msewu. N'chifukwa chake mu 1934 fakitale ina ku Finland, imene lero ndi kampani ya Nokian, idapanga tayala loyamba la nyengo ya chisanu.

Patapita zaka, matayala ambiri a chisanu adayamba kukhomedwa timisomali tolasa madzi oundana. Koma chipale chikasungunuka, timisomalito tinkakanda phula, ndipo mizinda ya ku Japan monga Sendai ndi Sapporo inkadzaza fumbi limene anthu ankapuma. Mu 1990 dzikolo lidakhazikitsa lamulo loletsa matayala a misomali m'madera ambiri. M'malo mwake mudalowa tayala lopanda misomali, la mphira wofewa kwambiri, lotemedwa mphini zambirimbiri zopyapyala kuti liziluma chipale. Ili ndilo limafika kuno.

Ku Japan, tayala lotere mizere yake ikatha ndi theka, salitenganso ngati la chisanu. Kumenekonso mphira wake ukayamba kukalamba, eni ake amalisintha. Limachoka kwawo ataliona kuti latha ntchito, n'kudzafika kuno likuoneka ngati lidakali ndi moyo wautali.

Kulizindikira n'kosavuta. M'mbali mwake mumakhala chithunzi cha phiri la nsonga zitatu, m'kati mwake muli kanyenyezi ka chipale. Ambiri ochokera ku Japan amalembedwa kuti STUDLESS. Mayina monga Blizzak, iceGUARD, Winter Maxx ndi X-Ice ndi a matayala a chisanu. Pamwamba pake mudzaona mphini zokhotakhota zochuluka, ndipo mukakanikiza ndi chala, timphira take timapindika mosavuta. Zilembo za M+S zikakhala zokha, popanda chithunzi cha phiri, sizitanthauza kuti tayalalo ndi la chisanu.

Limatani likafika ku Chileka?

Chileka ndi Lirangwe ndi madera otsika kuposa mzinda wa Blantyre, ndipo amene amakhalako akudziwa mmene dzuwa la Okotobala limaswera mtengo. Kutentha kumapitirira madigiri 30, pamene phula la msewu limatentha kuposa pamenepo. Mphira umene udapangidwa kuti ukhale wofewa pa chisanu umafeweratu pa moto wotere. Dalaivala akaponda buleki, timphira tija timagona m'malo mogwira msewu, ndiye galimoto imapita patsogolo ndithu isanaime. Pokhota, chiwongolero chimachedwa kumvera. Tayalalo limathanso msanga, kotero ndalama imene munthu amati wapulumutsa amaibweza posakhalitsa.

Ena amaganiza kuti popeza tayalali ndi la nyengo yoipa, ndiye kuti ndi labwino pa mvula. Sizili choncho. Kuluma chipale ndi kukankha madzi a mvula yamphamvu ndi ntchito ziwiri zosiyana. Bungwe la oyendetsa galimoto ku Japan la JAF limachenjeza kuti tayala la chisanu, makamaka likayamba kutha, limachedwa kuimitsa galimoto pa msewu wonyowa poyerekeza ndi tayala wamba labwino.

Kuchedwako kukhoza kuoneka kochepa, koma taganizirani izi. Galimoto yothamanga makilomita 60 pa ola imadutsa pafupifupi mamita 17 pa sekondi imodzi. Liwiro likawonjezeka kawiri, mtunda woimira mabuleki umawonjezeka kanayi. Pa msewu wa M1, pomwe ana a sukulu, njinga za kabaza ndi anthu a pamsika wa Lunzu kapena Lirangwe amadutsana ndi galimoto, mamita awiri kapena atatu ndiwo amasiyanitsa kudzidzimuka ndi maliro. Lipoti la bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO la mu 2023 lidati ngozi za pamsewu zimapha anthu pafupifupi 1.19 miliyoni pachaka, ndipo palibe china chimene chimapha ana ndi achinyamata a zaka 5 mpaka 29 kuposa ngozizi.

Ngati mwapeza kuti galimoto yanu ili ndi matayala a chisanu, musataye mtima. Chepetsani liwiro, siyani mpata waukulu pakati pa inu ndi galimoto ya kutsogolo, ndipo yambani kusunga ndalama zosinthira. Musaike la chisanu mbali imodzi, lawamba mbali inayo, chifukwa buleki ikapondedwa mwadzidzidzi galimoto ikhoza kukokera kumodzi.

Tayala limanena lokha mbiri yake

Zonse zofunika zimalembedwa m'mbali mwa tayala. Tiyerekeze kuti palembedwa 175/70 R14 84S. Nambala ya 175 ndi mulifupi mwa tayala, m'mamilimita. Ya 70 ikunena kuti khoma la m'mbali kutalika kwake ndi magawo 70 pa 100 a mulifupimo. Ya 14 ndi kukula kwa limu, m'mainchesi. Nambala ya 84 ikutanthauza kuti tayalalo lingasenze makilogalamu 500, pamene chilembo cha S chikunena liwiro limene silingapyole. Saizi yoyenera galimoto yanu ili pa kachikwangwani komatidwa pa mphuthu ya chitseko cha dalaivala. Gulani yomweyo, ndipo nambala ya kulemera isatsike.

Kulemeraku n'kofunika kuno, kumene Sienta yopangidwira anthu 7 nthawi zina imanyamula oposa pamenepo, kuphatikizapo matumba a chimanga ndi makala. Tayala lolemedwa limatentha m'kati, ndipo tayala lotentha, lokalamba, ndilo limaphulika.

Zaka za tayala nazo zimalembedwa. Fufuzani manambala anayi ozunguliridwa ndi kamzere, kawirikawiri kumapeto kwa zilembo zoyamba ndi DOT. Awiri oyamba ndi sabata, awiri otsiriza ndi chaka. Pakalembedwa 2319, tayalalo lidapangidwa sabata ya 23 m'chaka cha 2019. Mphira umakalamba ngakhale tayala litangokhala m'sitolo. Kampani ya Michelin imalangiza kuti tayala likadutsa zaka 5 liziunikidwa chaka chilichonse, ndipo likakwana zaka 10 lichotsedwe ngakhale likuoneka bwino. Wogulitsa akakana kuti muwerenge manambalawa, kapena mukapeza kuti adafufutidwa, siyani.

Mizere ndi ngalande za madzi

Mizere ya pa tayala si yokongoletsera. Ntchito yake ndi yofanana ndi ya ngalande za m'munda: kupatutsa madzi kuti mphira ugunde msewu. Mizere ikatha, madzi amasowa kolowera, amalowa pansi pa tayala n'kulinyamula. Pamenepo galimoto imayandama ngati bwato, chiwongolero chimapepuka, buleki siigwira. Zikatero, chotsani phazi pa moto pang'onopang'ono, gwirani chiwongolero mowongoka, musaponde buleki mwamphamvu mpaka matayala atagwiranso msewu.

Tayala latsopano la galimoto yaing'ono mizere yake imazama mamilimita pafupifupi 7 kapena 8. M'kati mwa mizeremo muli timilatho ta mphira totalika mamilimita 1.6. Timilathoti tikalingana ndi pamwamba pa tayala, tayalalo latha basi. Koma pa mvula ngati yathu ya Januwale ndi Febuluwale, ndi bwino kusintha mizere ikafika mamilimita 3. Mulibe choyezera? Gonekani mtengo wa machesi m'kati mwa mzere. Ukalingana ndi pamwamba pa tayala kapena kutumphuka, musadikirenso.

Onaninso khoma la m'mbali. Chotupa chilichonse chikusonyeza kuti ulusi wa m'kati udaduka, mwina pogunda dzenje. Tayala lotupa silimatika, ndipo likhoza kuphulika nthawi iliyonse. Ming'alu yambiri ndi chizindikiro cha ukalamba. Samalaninso ndi matayala akutha amene ena amawajambulanso mizere ndi mpeni wotentha: tayala la galimoto yaing'ono lilibe mphira wokwanira kuchita zimenezo.

Nanga malimu?

Achinyamata ambiri amakonda malimu aakulu onyezimira okhala ndi tayala lopyapyala. Pa msewu wosalala wa mumzinda amakongola, koma m'misewu ya fumbi ndi miyala yochoka pa Lirangwe kapena pa Chileka kulowa m'midzi, khoma lalitali la tayala ndilo limateteza limu ndi msana wa wodwala. Limu lachitsulo likagunda dzenje limapindika, ndipo nthawi zambiri limawongoleka. La aluminiyamu limatha kung'aluka, mpweya n'kumatuluka pang'onopang'ono. Limu long'aluka lowotchereredwa musalidalire.

Posintha malimu, onetsetsani kuti mabowo ake akugwirizana ndendende ndi galimoto yanu. Kufanana kwa chiwerengero cha mabowo sikokwanira, chifukwa mipata ya pakati pake imasiyana. Manati a limu lachitsulo ndi a limu la aluminiyamu nthawi zina amasiyananso. Mukayenda makilomita pafupifupi 50 mutasintha, imani, muyese ngati manati onse adakali olimba.

Ndalama zikachepa

Si aliyense angagule matayala anayi atsopano tsiku limodzi. Ngati mungakwanitse awiri okha, makampani opanga matayala amalangiza kuti atsopanowo apite kumbuyo, ngakhale galimoto ikhale yokoka ndi kutsogolo. Kutsogolo kukaterereka, dalaivala amamva pa chiwongolero ndipo amachepetsa liwiro. Kumbuyo kukaterereka, galimoto imatembenuka yokha mosapereka mpata.

Ngati mwakakamizika kugula la kaunjika, werengani chaka, pewani la chithunzi cha phiri, ndipo uzani wogulitsa alichotse pa limu kuti muone m'kati ngati mulibe zigamba za m'mbali.

Chinthu chotsika mtengo kuposa zonse ndi mpweya. Yezani kamodzi pamwezi, m'mawa matayala asanatenthe, potsatira nambala za pa kachikwangwani ka pachitseko kaja. Kumenya tayala ndi phazi si kuyeza. Tayala lochepa mpweya limatentha, limadyeka m'mphepete ndipo limamwetsa mafuta ambiri. Sipeya musaiiwale. Kasipeya kopyapyala kamene kamabwera ndi galimoto zambiri za ku Japan kamafuna mpweya wochuluka kuposa matayala enawo, ndipo sikayenera kupyola makilomita 80 pa ola. Galimoto zina zimafika zilibiretu sipeya.

Ntchito ya makolo ndi odzipereka pa zaumoyo

Mwina inu mulibe galimoto, koma mwana wanu amakwera ya wina popita kusukulu, ndipo mudzi wanu uli ndi galimoto imene umadalira pa matenda. Nthawi yoiyang'ana ndi masana, kunja kuli ngwee, wina aliyense asanadwale. Chakudza sichiimba ng'oma.

Makomiti a zaumoyo m'midzi ndi odzipereka amene amayendera amayi oyembekezera amathandiza kale mabanja kukonzekera zitenje, ndalama ndi mayendedwe. Pokambirana ndi eni galimoto, mphindi zisanu n'zokwanira kuzungulira galimotoyo pamodzi: kuona chithunzi cha phiri, kuwerenga chaka, kuyesa mizere ndi machesi, kufufuza zotupa, kenako kutsegula kumbuyo kuona sipeya, jeki ndi sipanala. Chitani izi mwaulemu, pakuti dalaivalayo nayenso ali ndi ana amene amamudikira kunyumba.

Mvula ikayandikira, amayi a kumidzi ya misewu yovuta alimbikitseni kupita msanga kuchidikiro monga alangizi a zaumoyo amanenera, kuti ulendo wa usiku wa m'matope usachitike n'komwe. Ukachitika, dalaivala asakakamizidwe kuthamanga. Galimoto yoyenda makilomita 60 pa ola imafika mochedwerapo pang'ono poyerekeza ndi yothamanga 90, koma mwana wodutsa msewu pa Lunzu imamuona nthawi idakalipo.