Mpeni Wosapinda ndi Kukhalitsa Kwace

Mipeni iri ya mitundu iwiri. Wina ndiwo wopinda, umene anyamata akonda kuuika m'thumba. Wina ndiwo wosapinda, umene ukhala m'cimace, ndipo mwini wace aumanga m'cuuno. Mwa yopinda, wodziwika kopambana m'maiko a kuno ndiwo Okapi, umene anayamba kuusula ku Solingen m'dziko la Germany caka ca 1902, ndipo nchitoyo inasamukira ku South Africa caka ca 1988. Mpeni wotere uli wabwino posenda mango kapena posongola pensulo. Koma alenje, asodzi ndi oluka madengu, amene agwira mpeni masiku onse, athokoza wosapinda, nati ukhala zaka zambiri wosaonongeka. Zifukwa za kukhalitsa kwace ziri zitatu.

Coyamba ndico mapangidwe ace. Mpeni wopinda uli ndi kamsomali pamene upindikira. Pamenepo palowa mcenga, madzi ndi mwazi, ndipo patapita nthawi mpeniwo uyamba kugwedera. Tsiku lina pa nchito yolimba upindika wokha, nuceka zala za mwini wace. Koma wosapinda uli citsulo cimodzi kuyambira ku nsonga kufikira m'cigumbu. Mbali imene ilowa m'cigumbu ndiyo msuka, monga msuka wa khasu umene ulowa mu mpini.

Eni mipeni anaona kuti pamene mpeni ubvuta kawiri kawiri ndipo pakhosi, pokomana citsulo ndi cigumbu. Msuka ukakhala waufupi usukuka msanga. Msuka wabwino upyola cigumbu conse, ndipo wosula aukhoma ku mapeto kuti usaturuke. Wina uli wotambalala ngati mpeni womwe, ndipo auphatika ndi timitengo tiwiri, uku ndi uku, nakhomapo misomali. Umenewu ndiwo wolimba koposa. Cigumbu cikang'ambika kapena cikadyedwa ndi ciswe, mpeni sunafe ai. Mwini wace asema cina ca mtengo wolimba monga muwanga, ndipo mpeniwo ubwerera ku nchito.

Caciwiri ndico citsulo ndi mapsedwe ace. Makolo akale anayenga citsulo m'ng'anjo ndi makala, nacisula pa cipala ndi mvukuto ndi nyundo. Citsulo pa cokha ciri cofewa. Cimene cicilimbitsa ndico kaboni, cinthu comwe cija ciri m'makala. Mu mpeni wabwino kaboni akhala ngati gawo 1 mwa magawo 100, kapena kuceperapo pang'ono. Amisiri a m'midzi masiku ano afuna masipiring'i a galimoto zakufa, cifukwa citsulo cace ciri naye kaboni wokwanira.

Atatha kuusula mpeni, mmisiri auika pa moto kufikira utafiira psu, ndiko kutentha kwa madigiri ngati 800, naubviika msanga m'mafuta kapena m'madzi. Pamenepo ulimba ndithu, koma ukhoza kusweka ngati botolo. Cifukwa cace aupukuta kuti uwale, nauothetsanso moto pang'ono pang'ono kufikira maonekedwe ace afanana ndi udzu wouma, nauleka uzizire. Mpeni umene sanaubviike bwino ubuntha msanga, nupindika ngati waya. Umene sanauothetse kaciwiri ubenthuka ukagunda pfupa. Nzeru ya mmisiri iri pakati pa ziwirizi.

Amisiri a maiko ena analimbana nalo bvuto lomweli. Ku Mora, m'dziko lozizira la Sweden, munthu dzina lace Frost-Erik Erson anamanga nyumba yosulira mipeni caka ca 1891. Mipeni yina ya kumeneko aipanga ndi citsulo colimba pakati, ndi cofewa mbali zonse ziwiri. Colimbaco cipatsa mpeni kuthwa, ndipo cofewaco ciucinjiriza kuti usathyoke. Osema mitengo a m'maiko ambiri aikonda mipeni imeneyi, ngakhale mtengo wace uli wocepa.

Cacitatu ndico kasungidwe ka mwini wace, ndipo ici cipambana zina zija. Mdani wamkuru wa mpeni ndiye dzimbiri. Madzi, mwazi, mcere ndi madzi a mandimu zonsezi ziitana dzimbiri, ndipo mpeni wogona usiku umodzi m'cikopa conyowa uoneka wofiira m'mawa. Caka ca 1913 Harry Brearley wa ku Sheffield m'dziko la England anapeza kuti citsulo cosanganiza ndi cina cochedwa chromium sicicita dzimbiri msanga. Chromium ayenera kupitirira magawo 10 mwa magawo 100. Mipeni ya citsulo cimeneci ithandiza asodzi, pakuti nchito yao iri m'madzi. Koma ambiri amene anagwira mitundu yonse iwiri anena kuti citsulo cakale cija sicibvuta kunola pa mwala wa kumudzi, cingofuna kucipukuta ndi kucidzoza mafuta.

Mipeni yambiri siifa ndi ukalamba, ifa ndi nchito imene siiri yace. Wina akanula nao cibvundikiro ca citini, nsonga nithyoka. Wina akumba nao mbewa, miyala niibunthitsa. Wina auponya pa mtengo posewera, cigumbu ning'ambika. Winanso auiwala pa moto pootca cimanga, ndipo kulimba konse kumene mmisiri anaupatsa kutha. Mpeni wotere sudzathwanso bwino, ngakhale aunole tsiku lonse. Kuwaza nkhuni ndiyo nchito ya nkhwangwa, kukumba ndiyo ya khasu, koma ya mpeni ndiyo kuceka ndi kusema.

M'midzi yambiri mupezeka mipeni imene inaonda ndi kunola, ninga tsamba la nsungwi, koma isendabe cinangwa ndi kung'amba nsungwi za madengu. Yina mwa iyo inacokera kwa atate kunka kwa ana ao. Eni ace anaitsuka ndi kuiumitsa itatha nchito, anainola isanabunthe kwambiri, naibweza m'cimace. Mwana amene apatsidwa mpeni ayenera kuphunzira zomwezo. Ayeneranso kusema molozetsa kutali ndi thupi lace, ndipo popatsa mnzace mpeni ampatse ku cigumbu.

Mafunso

1. Kodi msuka nciani, ndipo wabwino ukhala wotani?
2. Cifukwa ninji mmisiri aothetsa mpeni moto kaciwiri?
3. Kodi Harry Brearley anapeza ciani caka ca 1913?
4. Ndi nchito ziti zimene ziononga mpeni?