Kusiya nsima kungakonze injini ya thupi?

Mukakwela basi ya m'mawa kucoka ku Chilenje kupita mu tauni, simulephela kumva wina akuti wasiya nsima, winanso ati sadya kanthu mpaka 12 koloko. Ambili ni aja anayesapo kale madayati, anaonda, kenako thupi linabwelela mopitilila. Manje auzidwa kuti metabolism yawo inawonongeka, ndipo kusala kudya na kusiya nsima, buledi na mpunga ndiye kudzaikonza. Ine ndinafuna kudziŵa ngati ni zoona.

Metabolism ni monga injini ya basi imene ili pa Kulima Tower kuyembekezela kudzala: olo siyenda, imadya mafuta. Thupi nalonso limatentha cakudya mukagona, kuti mtima ugunde, mupume, ubongo ugwile nchito. Mukaonda, injini imacepetsa mafuta. Thupi laling'ono limafuna zocepa, komanso limayamba kuumila monga likuona njala ikubwela.

Izi zinaonekela bwino ku America. Mu 2016 Kevin Hall na anzake anafalitsa zimene anapeza pa anthu 14 a mpikisano wa pa TV wa The Biggest Loser. Pa avareji, anataya makilo pafupifupi 58 mu masabata 30. Patapita zaka 6, makilo pafupifupi 41 anali atabwelela, koma matupi awo anali kutentha makalori pafupifupi 500 pa tsiku kucepela pa zimene munthu wa thupi lotelo afunika kutentha. Conco dandaulo la mu basi lili na maziko.

Koma mankhwala ake ndiye pali vuto. Ku Stanford mu 2018 anayesa anthu 609 kwa caka cathunthu. Ocepetsa mafuta anataya makilo pafupifupi 5, ocepetsa zakudya za mtundu wa nsima na buledi pafupifupi 6. Kusiyana kwake kunali kocepa. Mu 2020 ofufuza a ku San Francisco anagaŵa anthu 116 paŵili kwa masabata 12, ena kudya katatu pa tsiku, ena kudya kuyambila 12 koloko masana mpaka 8 koloko usiku cabe. Apanso palibe gulu linapambana kwenikweni.

Nanga aja makilo aŵili amene amacoka sabata yoyamba mukasiya nsima? Ambili ni madzi. Shuga yosungidwa m'ciŵindi na m'minofu imagwila madzi. Ikatha, madzi amatuluka. Mukadyanso nsima amabwelela, sikelo ikwela, imwe mtima uwawa.

Cimene cinathandiza ena a mpikisano uja kusabwelela kwambili ni kupitiliza kugwilitsa nchito thupi tsiku na tsiku. Kuno sizifuna ndalama za jimu. Tsikani sitesheni imodzi musanafike, muyende. Nyamulani zolemela kuti minofu isathe. Nsima cepetsani nthongo cabe, makamaka ya roller meal imene ili na gaga wambili kuposa breakfast, muonjezele nyemba, kapenta, mazila, cibwabwa na repu. Zakumwa za shuga na vitumbuwa va pa sitesheni ndiye muyambile kudula.

Cenjezo limodzi: ngati mumamwa mapilisi a shuga kapena mumabaya insulin, kusala kudya kungagwetse shuga yanu mpaka kukomoka. Azimai oyembekezela na oyamwitsa naonso asayese. Pitani ku kiliniki mukambilane na adokotala musanasinthe kadyedwe.