Kupidiguka kwa chipolopolo

Kupidiguka kwa chipolopolo ndi vuto limene limachitika chipolopolo chikalephera kuuluka nsonga ili kutsogolo, n'kuyamba kupendama kapena kutembenuzika m'malere. Pamalo ophunzirira kuwombera, vutoli limadziwika poyang'ana pepala la chandamale: m'malo mwa bowo lozungulira, pamaoneka bowo lalitali ngati polowetsera kiyi pachitseko, n'chifukwa chake pa Chingerezi amalitchula kuti keyholing. Nthawi zambiri mfuti imakhala ilibe vuto, chipolopolonso chilibe vuto, koma ziwirizo sizigwirizana. Chitsanzo chodziwika bwino ndi cha mfuti ya asilikali a ku United States yotchedwa M16A1 ndi chipolopolo cha M855. M'nkhani ino mawu oti chipolopolo akutanthauza mutu umene umauluka, osati chigoba chamkuwa chosunga wonga.

Chimene chimawongola chipolopolo

Muvi umauluka mowongoka chifukwa cha nthenga za kumbuyo kwake. Chipolopolo chilibe nthenga, ndipo kulemera kwake kumakhala chakumbuyo pamene mphepo imakankha chakutsogolo, kunsonga. Pachokha chimafuna kutembenuka kuti kumbuyo kutsogole. Chimene chimaletsa zimenezi ndi kuzungulira, monga mmene nguli imaimira chilili ikamazungulira mwamphamvu koma n'kuyamba kudzandira liwiro likachepa.

Mkati mwa mpope wa mfuti muli timizere topota timene timagwira chipolopolo n'kuchizunguliritsa. Kapotedwe kake amakalemba ndi manambala awiri. Akalemba 1:12 ndiye kuti chipolopolo chimazungulira kamodzi chikayenda mainchi 12 mumpope, omwe ndi mamilimita 305. Akalemba 1:7, chimazungulira kamodzi pa mainchi 7, kapena kuti mamilimita 178. Nambala yachiwiri ikachepa, kuzungulira kumachuluka. Chipolopolo chochoka mumpope wa 1:12 pa liwiro la mamita pafupifupi 990 pa sekondi chimazungulira maulendo oyandikira 195,000 pa mphindi imodzi, pamene cha mumpope wa 1:7 chimapitirira maulendo 300,000.

Utali ndiwo umalamula

Anthu ambiri owombera amati chipolopolo cholemera ndicho chimafuna kuzungulira kwambiri. Mawuwa ndi oona pang'ono chabe. Chofunika kwenikweni ndi utali wa chipolopolo poyerekeza ndi kunenepa kwake, chifukwa chikatalika mphepo imapeza pogwira pokulirapo. Kulemera kumangolowamo chifukwa chakuti, pa zipolopolo zonenepa mofanana, cholemera chimakhalanso chachitali. Chipolopolo chamkuwa wokhawokha chimatalika kuposa chamtovu cholemera chimodzimodzi, motero chingapidiguke mumfuti imene chamtovucho chimayenda bwino.

Mu 1879, Alfred George Greenhill, mphunzitsi wa masamu ku Royal Military Academy ku Woolwich, ku England, anakonza njira yachidule yowerengera kapotedwe koyenera. Munthu amachulukitsa kunenepa kwa chipolopolo ndi kunenepa komweko, n'kuchulukitsanso ndi 150, kenako n'kugawa ndi utali wake, zonse m'mainchi. Pa zipolopolo zothamanga kwambiri amagwiritsa ntchito 180 m'malo mwa 150. Njirayi ndi yakale ndipo siiganizira nyengo. Ya Don Miller, imene inafalitsidwa mu 2005, imawerengeranso liwiro, kutentha ndi kuthinana kwa mpweya. Yankho lake likachepera 1.0 chipolopolo chimapidiguka, ndipo opanga zipolopolo ambiri amalangiza kuti lifike pa 1.5 kapena chapafupi.

M16A1 ndi M855

Mfuti ya AR-15, imene kampani ya ArmaLite inakonza chakumapeto kwa zaka za m'ma 1950 n'kudzakhala M16, poyamba inali ndi mpope wa 1:14. Kapotedwe kameneka kankangokwanira pang'ono pa chipolopolo chake cha magalamu 3.56. Atayesa mfutiyo kumalo ozizira kwambiri, kumene mpweya umakhala wothinana, chipolopolocho chinkalephera kukhazikika. Mu 1963 anasintha mpope kukhala wa 1:12, ndipo M16A1 ya pa nkhondo ya ku Vietnam inali ndi mpope woterewu, ndi chipolopolo chotchedwa M193.

Mu 1980 mayiko a bungwe la NATO anagwirizana zogwiritsa ntchito chipolopolo chimodzi cha 5.56×45mm, ndipo anasankha SS109 chopangidwa ndi kampani ya FN Herstal ya ku Belgium. Ku United States anachitcha M855 n'kupaka nsonga yake utoto wobiriwira. Chigoba chake n'chofanana kukula ndi cha M193, choncho chimalowa m'magazini, chimalowa mumfuti, n'kuphulika popanda chodabwitsa chilichonse. Kusiyana kuli pamutu. M855 imalemera magalamu 4.0, ndipo mkati mwake, chakunsonga, muli kachitsulo kothandiza kuboola chisoti chachitsulo patali. Popeza chitsulo n'chopepuka kuposa mtovu, chipolopolocho chinatalika kufika mamilimita pafupifupi 23, pamene M193 ndi yapafupifupi 19.

Mamilimita anayi okhawo ndiwo anabweretsa vuto. Masamu a Greenhill, pogwiritsa ntchito 180, amapereka kapotedwe ka mainchi pafupifupi 12 pa M193, ndi pafupifupi 10 pa M855. Mpope wa 1:12 suzunguliritsa M855 mokwanira. Chipolopolo chimatuluka chikugwedeza mchira, n'kumapendamabe mtunda ukamatalika, ndipo zipolopolo zolunjikitsidwa pamalo amodzi zimamwazikana papepala, zina n'kumenya chopingasa. Buku la malangizo la asilikali a ku United States linkanena kuti M855 igwiritsidwe ntchito mu M16A1 pokhapokha zinthu zikavuta pankhondo, ndiponso pa mtunda wosapitirira mamita 90 kapena chapomwepo.

Mfuti yotsatira, M16A2, imene asilikali a Marine Corps anayamba kulandira mu 1983, inabwera ndi mpope wa 1:7. M855 payokha ikanakhazikika ndi 1:9. Anasankha 1:7 chifukwa cha M856, chipolopolo choyaka kumbuyo chosonyeza kumene kuwomberako kukupita, chomwe n'chachitali kuposa zonsezi. Chochititsa chidwi n'chakuti kusagwirizanaku kumayenda mbali imodzi: M193 yakale imayenda bwino mumpope wa 1:7, ngakhale kuti simenya ndendende pamene M855 imamenya, ndipo wowombera amayenera kukonzanso poyang'anira. Utoto wobiriwira uja unkathandiza msilikali kusiyanitsa zipolopolo ziwiri zimene kunja zimaoneka zofanana, pa nthawi imene mfuti zonse ziwiri zinali m'nkhokwe za asilikali.

Dziko la France linakumana ndi zofananazo. Mfuti yawo ya FAMAS F1 inali ndi mpope wa 1:12, wokonzedwera chipolopolo chopepuka, ndipo mtundu wa G2 wa m'zaka za m'ma 1990 ndiwo unapatsidwa 1:9 kuti ugwirizane ndi SS109. Masiku ano vutoli limapezeka kwambiri kwa anthu wamba amene ali ndi mfuti zosakira za .223 Remington za mpope wa 1:12 akagula zipolopolo zazitali zokonzedwera mipikisano ya patali.

Zina zimene zimayambitsa vutoli

Kapotedwe kakhoza kukhala koyenera koma chipolopolo n'kupidigukabe ngati timizere sitikuchigwira. Mpope wotha ndi dzimbiri kapena wowombera zaka zambiri umangochitereretsa. Mfuti zakale za Lee-Enfield za .303, zimene zinafala m'mayiko omwe ankalamulidwa ndi Britain, zimadziwika ndi zimenezi: zikaperepeseka mkati chifukwa cha wonga wotentha wa cordite, zimayenda bwino ndi zipolopolo zaphwatalala kumbuyo koma zimamwaza zosongoka kumbuyo. Chipolopolo chochepa pa mpope chimachitanso chimodzimodzi. Cha .303 n'chonenepa pafupifupi mainchi 0.311, ndipo wodzaza yekha zigoba akaikamo cha mainchi 0.308, kusiyana kochepa kwambiriko kungakwanire kuti timizere tisalume bwino. Kukamwa kwa mpope kukaphwanyika mbali imodzi, mpweya wa wonga umatuluka mokondera n'kukankha mchira wa chipolopolo.

Kuzungulira kopyola muyeso nakonso kuli ndi vuto lake, ngakhale sikuchititsa kupidiguka. Chipolopolo chopepuka cha khungu lopyapyala chikhoza kusweka m'malere chisanafike pa chandamale, n'kungosiya kautsi kotuwa.

Kuopsa kwake ndi kuyeza

Chipolopolo chopidiguka chimataya liwiro msanga ndipo sichipita kumene chalunjikitsidwa. Pakusaka chimangovulaza nyama n'kuisiya ikuthawa ndi bala. Pamfuti yokhala ndi chochepetsa phokoso kukamwa, chikhoza kugunda mkati mwa chipangizocho n'kuchiwononga. Pepala la chandamale limasonyeza vuto lisanakule: mabowo ooneka ngati dzira amatanthauza kuti chipolopolo chili m'malire, ndipo mfuti imene imachita bwino nyengo yotentha kumapiri ikhoza kuyamba kumwaza m'nyengo yozizira kumalo otsika.

Opanga mfuti ambiri amadinda kapotedwe pampope, ndipo mabokosi a zipolopolo zazitali kawirikawiri amalemba kapotedwe kofunika. Ngati palibe cholembedwa, amayeza ndi ndodo yotsukira. Atatsimikiza kuti mumfuti mulibe chipolopolo, amalowetsa ndodoyo ndi kansalu kothina, n'kuika chizindikiro pandodo. Akamaikankha imazungulira motsatira timizere, ndipo mtunda umene yayenda kuti chizindikirocho chibwerere pamwamba ndiwo kapotedwe ka mpopewo.