Musanagule kamera ina, funsani kaye za kuwala

Pa katoni ya foni yatsopano masiku ano pamakhala nambala yolembedwa ndi zilembo zikuluzikulu: 50 MP, 108 MP, zina mpaka 200 MP. Mukalowa m'mashopu a ku Old Town, imeneyi ndi imene wogulitsa amayamba kukutchulirani. Koma munthu wokonda kujambula zithunzi amadziwa vuto limene nambalayo siinena. Masana foni imajambula bwino zedi. Dzuwa likangolowa, kapena mukakhala mu holo momwe muli chinkhoswe cha achemwali anu, nkhope zimatuluka zamchengamchenga, ovina n'kumaoneka ngati mizukwa.

Apa m'pamene ambiri amayamba kusunga ndalama zoti agule "kamera yeniyeni". Si ndalama zamasewera ayi. Kwa mwana wasukulu ndi maganyu a maholide angapo, mwinanso a malume n'kuikapo dzanja. Ndiye tiyeni timutsatire wojambula wongoyamba kumene tsiku lonse mu Lilongwe, tione pamene kamera yatsopano ingamuthandizedi ndi pamene ingangomudyera ndalama. Koma tiyambe tadziwa chimene chimachitika m'kati mwa kamerayo.

Bokosi lamdima lowerenga kuwala

Kamera iliyonse, ya mu foni ndi ya atolankhani yomwe, ndi bokosi lamdima lokhala ndi kabowo. Ibn al-Haytham, wasayansi amene anakhala ku Cairo zaka pafupifupi 1,000 zapitazo, anafotokoza kuti kuwala kumayenda mowongoka, ndipo kukadutsa pakabowo kumapanga chithunzi chozondoka mbali inayo. Yesani nokha: boolani pansi pa chitini ndi kamsomali, kukamwa kwake mumatepo pepala lopyapyala lopaka mafuta, mufunde nsalu kumutu, n'kulozetsa kabowoko ku mtengo. Mtengowo muuona mutu uli pansi.

Chovuta chinali kuchisunga chithunzicho. Cha m'ma 1826, Nicéphore Niépce wa ku France anajambula madenga ooneka pawindo la nyumba yake, ndipo kuwala kunafunika kulowa kwa maola osachepera 8. Mu 1975, chaka chimene Lilongwe inakhala likulu la dziko lino m'malo mwa Zomba, Steven Sasson wa kampani ya Kodak anapanga kamera yoyamba yonyamula m'manja yosafuna filimu. Inkalemera makilogalamu 3.6, inali ndi mapikiseli 10,000 okha, ndipo chithunzi chimodzi chinkatenga masekondi 23 kuti chisungidwe pa kaseti.

Masiku ano pamalo pa filimu pali sensa, kachidutswa ka silicon kogawidwa m'timabokosi ting'onoting'ono. Timabokosi timeneti ndiwo mapikiseli, ndipo 1 miliyoni ndi megapikiseli imodzi. Kuwala kumafika m'timagawo totchedwa ma photon, monga anafotokozera Albert Einstein mu 1905. Photon ikagwera pa pikiseli imamasula electron, kamera n'kuwerenga kuti ma electron asonkhana angati. Ambiri ndiye kuti pamenepo n'powala, ochepa ndi pamdima. Basi. Kujambula konse ndi kuwerenga kuwala, ndipo funso la tsiku lonse n'lakuti: kuwalako kwalowa kochuluka bwanji?

M'mawa, pamlatho

Cha m'ma 6 koloko wojambula wathu ali pamlatho wa mtsinje wa Lilongwe. Anthu akuwoloka kupita kumsika, maminibasi akuitanira, a kabaza akudutsa ndi matumba a kabichi. Dzuwa likadali m'munsi, choncho kuwala kwake kukudutsa mumpweya wambiri kusanafike pansi. Mpweyawo umamwaza kwambiri kuwala kwa buluu, n'kutsala kofiirira kumene kumakometsa khungu. Pa nthawi ngati iyi foni yotchipa imagwira ntchito yabwino.

Nanga n'chifukwa chiyani wa kabaza watuluka chimbuuzi? Nkhani ndi shutter, kachitseko kamene kamalamula nthawi imene kuwala kukulowa. Njinga yothamanga makilomita 18 pa ola imayenda mamita 5 pa sekondi. Shutter ikatseguka kwa 1/30 ya sekondi, njingayo yasuntha masentimita pafupifupi 17 chithunzi chikujambulidwa. Pa 1/1000 yasuntha mamilimita 5 okha, ndipo imaoneka ngati yaima. Mafoni ambiri ali ndi malo olembedwa Pro kapena Manual pomwe mungasinthe nambalayi. Apa sipakufunika kamera yatsopano, pakufunika chala chanu.

Masana, ku City Centre

Pofika 12 koloko, anzake amupempha kuti akawajambule ku chipilala cha Kamuzu ku City Centre. Kuwala kulipo kambiri, komabe zithunzi sizikusangalatsa: maso ali m'maenje amdima, mphumi ikunyezimira. Lilongwe ili madigiri pafupifupi 14 kum'mwera kwa equator, ndipo kumapeto kwa Okutobala komanso chapakati pa Febuluwale dzuwa la masana limafika paliwombo penipeni. Kuwala kochokera pamwamba kumaponya mthunzi wa nsidze m'maso ndi wa mphuno pamilomo.

Palinso china. Kamera imayeza kuwala kwa malo onse n'kupeza pakatikati. Kumbuyo kukakhala thambo lowala, munthu n'kuvalanso malaya oyera, kamera imaganiza kuti kwawalitsa, ndiye imachepetsa. Zotsatira zake nkhope ya munthu wakhungu lakuda imada bii. Kamera yodula imanamizikanso chimodzimodzi. Mankhwala ake ndi aulere: muimikeni munthuyo pamthunzi wa mtengo, dinani pankhope pake pa sikirini kuti kamera iyeze pamenepo, ndipo mnzanu agwire pepala lalikulu loyera chapansi kuti libwezere kuwala kumaso.

Pusi ali m'mwamba mu mtengo

Pobwerera ku Old Town wapatukira ku Lilongwe Wildlife Centre, nkhalango ya m'mbali mwa mtsinje wa Lingadzi. Pusi wakhala panthambi patali. Wojambula akutambasula zala pa sikirini kuti amukokere pafupi. Pa mafoni ambiri zimenezi si kukoka ayi, ndi kudula: foni ikungotenga pakati pa chithunzi n'kupakuza. Mukakoka kawiri, mwatsala ndi gawo limodzi mwa magawo 4 a mapikiseli. Mukakoka ka 4, mwatsala ndi limodzi mwa 16. N'chifukwa chake pusi uja amatuluka ngati wojambulidwa ndi choko chonyowa.

Apa ndiye kamera yosintha malenzi imapambana. Lenzi yaitali, monga ya mamilimita 300, imapinda kuwala kotero kuti pusiyo amadzaza sensa yonse. Koma taonani bwino: chimene chathandiza ndi lenzi, osati mamegapikiseli.

Madzulo, mumsika

Kuno kwathu mdima suchedwa. Mu Juni dzuwa limalowa isanakwane 5:30, ndipo pakangotha mphindi 30 kwada. M'kati mwa msika waukulu, pansi pa malata, mdima umayamba msanga kuposa apo. Mayi wogulitsa tomato wayatsa kanyali ka sola, ndipo chithunzi chake chikanakhala chokongola kwambiri. Wojambula wapempha kaye, "Mayi, ndingakujambuleni?", popeza nkhope ya munthu si katundu wongotola. Avomera. Koma chithunzi chatuluka chamchenga.

Mchengawo ukuchokera kuti? Ganizirani mvula yowaza. Ikani makapu awiri ofanana panja kwa kanthawi kochepa: ina igwira madontho 8, ina 12, chonsecho mvula ndi yomweyo. Ma photon nawo amagwa mwachisawawa choncho. Mapikiseli awiri oyandikana, oyang'ana tsaya limodzi, amawerenga mosiyana, ndipo kusiyanako ndi kumene timakuona ngati mchenga. Masamu ake ndi osavuta: kusiyanako kumakhala pafupifupi square root ya ma photon amene agwidwa. Pa ma photon 100, kusiyana ndi 10, kapena kuti 10 peresenti. Pa ma photon 10,000, kusiyana ndi 100, imene ndi 1 peresenti yokha. Kuwala kukachuluka, mchenga umabisika.

Mwina mukuti, "Si tingokweza ISO?" ISO siwonjezera kuwala. Ili ngati kukweza voliyumu pa wailesi imene siikugwira bwino siteshoni: mawu amakwera, phokoso lija nalonso limakwera. Njira zenizeni zopezera ma photon ambiri ndi zitatu.

Yoyamba ndi nthawi. Night mode ya mu foni imajambula zithunzi zingapo motsatizana n'kuziphatikiza, ndipo zithunzi 4 zimachepetsa mchenga ndi theka. Zimayenda bwino pojambula mzikiti wa ku Old Town usiku, chifukwa nyumba siisuntha. Koma ovina pachinkhoswe sangakudikireni.

Yachiwiri ndi kukula kwa sensa. Kapu ndi beseni sizigwira mvula mofanana. Sensa ya mafoni ambiri otchipa ndi ya mamilimita pafupifupi 6 m'litali ndi 4.5 m'lifupi, yochepa kuposa chikhadabo. Sensa yotchedwa APS-C, imene ili m'makamera ambiri a ongoyamba, ndi ya mamilimita 23.5 ndi 15.6, malo ochuluka kuwirikiza ka 13. Ya full frame ndi ya mamilimita 36 ndi 24, kuwirikiza koposa ka 30.

Yachitatu ndi kukula kwa bowo la lenzi, lotchedwa aperture. Nambala yake imasokoneza, chifukwa yaing'ono imatanthauza bowo lalikulu. Gawani kutalika kwa lenzi ndi nambalayo. Lenzi ya mamilimita 50 pa f/1.8 ili ndi bowo la mamilimita pafupifupi 28, pomwe pa f/5.6 ndi mamilimita 9. Mukawerengera malo a bwalo monga mumachitira mu Maths, mupeza kuti f/1.8 ikulowetsa kuwala kuwirikiza pafupifupi ka 10. Foni nayo imalembedwa f/1.8, koma lenzi yake ndi yaifupi, ya mamilimita 4 mpaka 7, choncho kabowo kake sikafika ndi mamilimita 4 omwe.

Mwaonatu? Apa m'pamene kamera yatsopano imabweza ndalama zake.

Nanga mamegapikiseli aja?

Chithunzi chotsukitsa cha masentimita 10 ndi 15 chimafuna mamegapikiseli awiri ndi pang'ono kuti chioneke bwinobwino. Cha pepala la A4 chimafuna pafupifupi 9. Mukachitumiza pa WhatsApp mwanthawi zonse, chimachepetsedwanso. Ndipo mafoni ambiri a 108 MP amaphatikiza mapikiseli 9 kukhala imodzi, n'kukupatsani chithunzi cha 12 MP. Opangawo akudziwa kuti kugawa kasensa kakang'ono m'timabokosi tambirimbiri sikuwonjezera mvula yogwerapo. Kamera yakale ya 16 MP yokhala ndi sensa ya APS-C ndi lenzi ya f/1.8 ikhoza kuiposa foni yotereyi mu holo yamdima.

Mukapita kukagula

Ongoyamba ambiri amagula kamera yogwiritsidwapo kale ntchito, ndipo palibe cholakwika. Fulumira anadya gaga, ndiye musapereke ndalama musanaone izi:

- Lenzi. Makamera ambiri amabwera ndi lenzi ya 18-55mm, imene imafika pa f/5.6 mukaikoka mpaka kumapeto. Ngati vuto lanu ndi mdima, siyani ndalama ina ya lenzi ya 50mm f/1.8. Kumbukiraninso kuti lenzi ya Canon siingolowa pa Nikon kapena Sony.
- Chuku. Unikani m'kati mwa lenzi ndi tochi. Mukaona timizere tonga ulusi wa kangaude, chimenecho ndi chuku, ndipo chikakhalitsa chimaononga galasi.
- Fumbi pa sensa. Jambulani khoma loyera pa f/16. Madontho okhala pamalo amodzimodzi pa chithunzi chilichonse ndi fumbi.
- Shutter. Imatha ngati matayala. Ya makamera ambiri a ongoyamba inapangidwa kuti itseguke ka 100,000 kapena chapompo, ndiye funsani kuti yajambula kangati.
- Batire ndi tchaja. Magetsi akazima usiku woti mawa kuli ukwati, batire lachiwiri ndi limene lingakupulumutseni.

Mukaigula, nyengo ya kuno ikuyesani. Kuyambira Ogasiti mpaka Okutobala fumbi limachuluka, choncho sinthirani lenzi m'nyumba, kamera itayang'ana pansi. Nthawi yadzinja mdani ndi chinyezi. Isungeni m'bokosi lotseka bwino pamodzi ndi timapaketi ta silica gel, tija timapezeka m'makatoni a nsapato.

Yesani izi sabata ino

Musanagule chilichonse, tsegulani foni yanu musankhe zithunzi 20 zimene zinakukhumudwitsani. Zigaweni m'magulu anayi: zosuntha masana, za nkhope zakuda kapena zamithunzi yoipa, zakutali, ndi zamchenga za mumdima. Magulu awiri oyambawo akachuluka, sungani ndalama zanu, muphunzire shutter ndi kuimika munthu pamalo oyenera. Awiri otsirizawo akachuluka, nthawi yosintha kamera yakwanadi. Ndipo wogulitsa akayamba kukuwerengerani mamegapikiseli, inu mufunseni mafunso awiri: "Achimwene, sensa yake ndi yaikulu bwanji? Nanga lenziyi imatseguka mpaka f chani?"