Chiwongolero chikayamba kusewera

Nyengo yokumba kachewere ikafika, dandaulo limene ndimamva kwambiri pagalaja ndi lakuti, "Amakaniko, chiwongolero chikusewera." Galimoto zake ndi ma Land Cruiser ndi ma Hilux amene amatsika m'mapiri a Tsangano atasenza matumba kupita ku Biriwiri, ku Ulongue kapena ku Tete, komanso ena a ku Furancungo onyamula mabelo a fodya. Eni ake ambiri amafika atamva kale kuti kuli zitsulo zokhuthala zochokera ku South Africa, ndipo amafuna ndiwaikire zimenezo. Ndimaziika ndithu, koma ndimayamba ndalowa pansi pa galimoto kukaona chimene chatha.

Mukapotokola chiwongolero, mphamvu ya manja anu imatsikira m'bokosi la chiwongolero. Pansi pa bokosilo pali kamkono kotchedwa pitman arm, kamene kamakankha chitsulo chachitali, drag link, mpaka kutayala limodzi. Chitsulo china, tayi rodi, chimalumikiza matayala awiri akutsogolo kuti azikhotera limodzi. Kumapeto kwa zitsulo zimenezi kuli timitu, ndipo m'kati mwa kamutu kalikonse muli kampira kachitsulo koyenda m'kachikho, monga fupa la ntchafu limakhalira m'chiuno. Land Cruiser 79 inapangidwa motero. Hilux ya kuyambira 2005 ndi yosiyana: ili ndi rack m'malo mwa bokosi ndi kamkono kaja, ndipo zitsulo zake ndi ziwiri zazifupi, china uku china uku. Chifukwa chake mankhwala a galimoto imodzi sagwira pa inzake.

Chimene chimayamba kufa kawirikawiri ndi kalabala kophimba kamutu kaja. Kakang'ambika, girisi amatuluka. M'chilimwe mumalowa fumbi, m'dzinja matope, ndipo mchengawo umapala kampira tsiku ndi tsiku mpaka kayambe kugogoda. Woyendetsa amangoona kuti galimoto ikuyenda mopepera, matayala akutsogolo akudyeka mbali imodzi, ndipo akagunda dzenje chiwongolero chimanjenjemera. Kalabala kameneka ndi kotchipa kwambiri, koma ndi anthu ochepa amene amagwada kuti akaone.

Kufufuza kwake sikulira makina. Imikani galimoto pamalo osalala, matayala ali pansi. Mnzanu azigwedeza chiwongolero pang'onopang'ono uku ndi uku, inu mutagwira kamutu kalikonse ndi dzanja. Kamene katha mukamva kakudumpha m'chikhatho. Chiwongolero chikamayenda kupitirira masentimita atatu matayala asanasunthe, penapake pali vuto. Kenako kwezani galimoto ndi jeke, muigonetse pa zochirikiza zolimba, mugwedeze tayala pamwamba ndi pansi, chifukwa nthawi zina olakwa ndi mabeyaringi kapena mabushi, zitsulo za chiwongolero zili bwinobwino. Ena amathamangira kusintha kashokapu kopingasa kamene kamaletsa chiwongolero kunjenjemera. Katsopano kamabisa matendawo kwa kanthawi, koma kamutu kotha kamapitirizabe kutha.

Nanga zitsulo zokhuthala zija? Zili ndi malo ake. Ngati galimoto yanu imalowa m'minda ya m'mapiri kumene miyala ndi zitsa zimagunda pansi, kapena munaika matayala akuluakulu kuposa amene inabwera nawo, tayi rodi yokhuthala imathandiza, sipindika msanga. Koma dziwani kuti mphamvu ya kugunda sisowa. Chitsulo chikakana kupindika, nkhonyayo imapita patsogolo, kukamkono kaja ndi kubokosi, ndipo bokosi la chiwongolero ndi lodula kutalitali kuyerekeza ndi tayi rodi. Amene waika zitsulo zolimba n'kuyamba kuthamanga m'maenje atadzaza matumba mpaka pamwamba pa kabini wangosamutsa malo othyokera.

Pogula, tengani kamutu kakale m'manja mukayerekeze. Nsonga yake yosongoka iyenera kukhala ndendende m'bowo lake. Ikakhala yosiyana pang'ono, ngakhale mumange nati mpaka thukuta, idzagwedera ndi kukulitsa bowolo. Funsaninso ngati chitsulocho ndi cha galimoto ya chiwongolero chakumanja. Kuno ku Mozambique ndi ku Malawi timayenda kumanzere kwa msewu, koma m'masitolo mumapezekanso zipangizo zopangira galimoto za chiwongolero chakumanzere. Ine ndimasankha timitu tokhala ndi kamlomo kopoperapo girisi, chifukwa girisi watsopano amakankhira kunja madzi ndi mchenga.

Pali chinthu chimodzi chimene ndimakana ngakhale munthu andichonderere, ndicho kuwongola tayi rodi ndi moto kapena kuiwotcherera. Moto umasintha kulimba kwa chitsulo, ndipo chimaoneka chowongoka pamene m'kati chafooka. Chikaduka galimoto ikutsika phiri, matayala amayang'ana kwina ndi kwina, woyendetsa atagwira chiwongolero chopanda ntchito, kumbuyo kuli amayi amene akwera pamwamba pa matumba kupita kumsika. Zimandipwetekanso mtima ndikapeza msomali kapena waya pamalo a kapini kotsekera nati. Kapiniko ndiko kamaletsa natiyo kumasuka, ndipo kakachotsedwa sikabwezeredwa, pamalowa katsopano.

Zitsulo zikamangidwa, ntchito sinathe. Matayala ayenera kuyesedwa kuti alunjike molingana ndi buku la galimotoyo, apo ayi matayala atsopano adyeka asanaone mvula ina. Kumudzi timayesa ndi chingwe ndi tepi kuti galimoto ifike mtawuni, kenako ikwere pamakina oyesera. Pakatha sabata ikugwira ntchito, mwini wake aibweretsenso tione ngati manati akadali olimba, ndipo nthawi iliyonse ikawoloka mtsinje kapena kuyenda m'matope akuya, timitu tonse tipopedwe girisi mpaka wakale atuluke.